UFULU unatuluka motembenuka

Anthu a pa boma la Nkhotakota amandidziwa ndi masaini a magolosale, maina a maboti kunyanja, mabaji a yunifomu ndi malaya a makwaya. Nde sabata yathayi ndinatseka kashopu kanga poti kagulu kena ka achinyamata kanandipempha kuti ndiwaphunzitse kudinda mapositala pamanja, mutu wake ufulu, chifukwa 14 June, tsiku lokumbukira riferendamu ya matipate, inali pafupi. Ndalama yake inali ya sopo chabe koma ndinavomera.

Lolemba ndinagawa mapepala kuti aliyense ajambule chomwe chimamubwerera akamva mawu oti ufulu. Aise, pa ana 14, asanu ndi anayi anajambula nkhunda, otsalawo unyolo woduka ndi chibakera m'mwamba. Ndinafunsa mnyamata wina kuti unyolowu ngwandani, akuti "ndinauona pa Facebook ankolo." Zinandiwawa ndithu, chifukwa pomwe tinakhalapo mpongoyenda wapansi kukafika pa mkuyu uja David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo ija, m'ma 1860, ndipo kugombe kwathu komweku nkomwe anthu ankapakiridwa m'zombo kuwolotsedwa nyanja ulendo wokagulitsidwa ku Kilwa. Unyolo weniweni unadutsa pakhomo pawo koma iwo akukopera wapafoni. Ndinangoti mapepalawo sungani, mukafunse kaye agogo anu kunyumba.

Lachiwiri linali la zipangizo. Ife kuno timasema pa mapatapata akutha ndi labala ya chubu cha lole, mipeni yake ndi lezala komanso nthiti za ambulera zonola pamwala, zija zili ndi kangalande pakati, zimakumba mzere bwino kwabasi. Chopakira inki ndi kapaipi kovekedwa chubu cha njinga, ukayala pepala pamwamba umatikita ndi kumsana kwa supuni mpaka dzanja kuwawa. Ndinanena katatu konse kuti zilembo muziseme motembenuza ngati mukuziona pagalasi, onse "tamva ankolo." Mtsikana wina, yemwe dzanja lake ndi labwino kuposa onse, anasema kuyambira mmawa osadya nkomwe, zilembo zosalala ngati zamakina, kupaka inki, kutikita, kutukula pepala pang'onopang'ono aliyense atazungulira... ULUFU. F ndi L zayang'ana komwe zachokera. Chiphwete chake mpaka a kabaza panja anasuzumira, mwini wake misozi mbwembwembwe. Ndinamuuza kuti nanenso saini yanga yoyamba ndinalemba "gulosale" mwini shopu nkundilipira theka, nde anaseka nkutenga patapata lina.

Lachitatu mnyamata wa unyolo uja m'malo mobweretsa nkhani anabweretsa agogo akewo amene. Anakhala pampando wanga, anafunsa kaye ngati tiyi alipo, kenako anayamba. Iwo anavota nawo pa riferendamu ya 14 June 1993, zizindikiro zinali ziwiri, tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya matipate, nyali nkupambana ndi mavoti oposa 60 pa 100 aliwonse. Koma sanakhalitse pamenepo ayi. Anati ufulu iwo anaumva tsiku lomwe analowa mumsika ndi dengu la chinangwa popanda wowaimitsa pageti kufunsa khadi lachipani. Anakambanso za lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi, atsikana atatu omwe anali m'majinzi anayang'anana, wina nkuti "agogo mukunama." Agogo aja anangomuyang'ana kuyambira kumapazi nkunena kuti "mdzukulu wanga, iwe ukanagona kupolisi lero lomwe."

Atachoka palibe anajambulanso nkhunda. Kunatuluka nyali, dengu pamutu pa mayi akulowa pageti lotseguka, thalauzi lili pachingwe choyanikira. Wina anajambula thumba la feteleza lili ndi mapiko, kuuluka.

Lachinayi magetsi anathima tsiku lonse, ife sitinadziwe nkomwe mpaka mafoni atayamba kufa. Mkangano unabuka pomwe wina anafuna kusema dzina la wandale wina ndi mawu oti wakuba, akuti gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limamupatsa ufulu wolankhula. Za gawolo sananame. Koma ndinakana, maina ayi, zizindikiro za zipani ayi, tambala yemwe uja akadali chizindikiro cha chipani mpaka lero nde osamuika. Ndinawauza kuti kutchula munthu wakuba popanda umboni nkudziitanira mlandu, zomwe nzoona, koma ndisaname, nthawi ya kampeni ndimadinda malaya a zipani zonse ndipo ana anga amadya pomwepo. Mnyamatayo anandiyang'ana ngati wadziwa. Anasema dzanja likulowa m'thumba la mayi wogulitsa usipa, lopanda nkhope, ndipo inatuluka yowawa kuposa dzina lija.

Lachisanu tinaphika phala la ufa wa kondowole lomatira nkuyamba kuzungulira. Bambo wina wa golosale, kasitomala wanga wakalekale, anatikaniza, "ndale pakhoma langa ayi achimwene," koma telala woyandikana naye anapempha ziwiri, ya thalauzi ija akuti imuitanira makasitomala. Pafupi ndi depoti madala ena anaima nthawi yaitali pa ya nyali, njinga ili m'manja, kenako anafunsa kuti wajambula ndani. Mtsikana wa ULUFU uja anakweza dzanja mwamanyazi, iwo anati galasi la nyaliyo walichepetsa, nkukwera njinga.

Loweruka mmawa ndikupita kukatsegula shopu ndinapeza zonse zomwe tinamata m'munsi zang'ambidwa, mtima unagunda kuti mwina tayamba kulondoledwa. Ayi ndithu, mbuzi. Zamva fungo la chinangwa. Ina ndinaipeza ikutafuna thumba la feteleza lija, mapiko ali lende pakamwa. Zotsalazo tikamata chapamwamba mawa, ine ndili ndi boti la munthu kugombe lomwe lakhala sabata yonse lopanda dzina ndipo mwini wake wayimba kale kanayi.