Zikomo nonse amene mwatibwezera kiliniki ya m'mudzi mwathu

Abale ndi alongo, akumudzi ndi akutauni, ndi inu ana athu amene muli ku Joni, ndikulemba m'malo mwa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu kuno ku Phalombe. Sabata yathayi alangizi athu a zaumoyo alowa m'nyumba yawo yatsopano, ndipo bokosi la mankhwala a ana latsegulidwanso pansi pa denga la malata. Bokosili limakhala ndi maloko awiri. Kiyi mmodzi amasunga alangizi, wina amasunga munthu wa m'komiti, ndipo munthuyo ndine. Kiyi ameneyu wakhala pa chingwe m'khosi mwanga miyezi yambiri wopanda chotsegula. Tsiku limene ndinamulowetsanso m'loko manja anga ankanjenjemera.

Amene simunakhaleko kuno mwina mungaone ngati ndikukulitsa nkhani ya kanyumba. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atatigwera, madzi ndi miyala zinatsika m'phiri monga mmene agogo athu amafotokozera za napolo wa mu 1991. Zinakokolola minda, milatho, nyumba, ndiponso anthu amene tinkawadziwa mayina. Kachisakasa kamene tinkachitiramo sikelo kanapita, nyumba imene alangizi ankachita lendi inagwa mbali imodzi. Alangiziwo analibe kuchitira mwina, anasamukira kufupi ndi chipatala chachikulu n'kumabwera pa njinga msewu ukalola. M'nyengo ya mvula msewu wathu sulola.

Boma linayambitsa makiliniki a m'mudzi mu 2008 poganizira midzi yonga yathuyi, yotalikira chipatala. Alangizi amaphunzitsidwa kuona ana a miyezi iwiri mpaka osakwana zaka zisanu. Mwana akatentha thupi amamubaya pachala n'kuyeza malungo pomwepo, akapezeka nawo amamupatsa LA. Akamatsokomola amamuwerengera mpweya kwa mphindi imodzi kuti adziwe ngati ndi chibayo. Wotsegula m'mimba amalandira Thanzi ORS ndi zinki, wowonda amamuyeza ndi kalamba pamkono. Zonsezi n'zotheka ngati mlangiziyo akugona pakati pathu, poti matenda a mwana amakonda kukula usiku.

Ndinaziona ndi maso anga. Mdzukulu wanga, wa zaka ziwiri panthawiyo, anayamba kutentha thupi madzulo. Tinati tidikire kuche. Pakati pa usiku anayamba kukomoka, maso atatembenuka. Mtsinje unali utadzaza, a kabaza onse anakana, ndipo sindiwaimba mlandu. Bambo ake anamunyamula paphewa n'kuoloka madzi ofika m'chifuwa, ife tikuwaunikira ndi tochi ya pafoni. Tinakafika kuchipatala kutacha, mwana anawonjezedwa magazi, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, ali moyo. Koma namwino anandiuza mosabisa kuti malungo amenewa akanagwidwa madzulo omwe aja sakanafika pamenepo. Pali amayi ena m'mudzi muno amene anayenda ulendo womwewo n'kubwerera ndi nsalu yokha. Sindiwatchula, akudzidziwa, ndipo ndi iwowa amene anali oyamba kutunga madzi oumbira njerwa.

Ndiye ndiyambe ndi iwo. Amayi anzanga, zikomo. Munaponda dothi, munasenza mchenga kuchokera kudambo, ena mwa inu muli ndi ana kumsana. Anyamata a mpira, munawotcha uvuni usiku wonse osapempha kanthu. A mfumu, munapereka malo pabwino, pamtunda pomwe madzi safika, ndipo munaitanitsa msonkhano katatu konse anthu atayamba kufooka. A banki m'khonde, munagwirizana kuti gawo la chiwongoladzanja chanu ligule simenti, pamene aliyense wa inu anali ndi nyumba yakeyake yofunika kukonza. Izi sindidzaziiwala.

Inu a ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban, ndikudziwa mmene ndalama yanu imapezekera. Ena mumagwira m'minda ya anthu, ena m'masitolo, ena mumalera ana a eni pomwe anu ali kuno ndi agogo awo. Komabe uthenga wa Mukuru unkalowa mwezi ndi mwezi. Malata onse ndi mitengo ya denga ndi thukuta lanu. A ku Blantyre ndi ku Lilongwe munkatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, wina K2,000, wina K5,000, ndipo ndi ndalama zimenezi tinagula zitseko, maloko, kasola kakang'ono ka magetsi ndi matayala atsopano a njinga ya alangizi. Mipingo yonse ya kuno pamodzi ndi abale athu a kumzikiti munasonkha osayang'ana kuti mwana wodwala adzakhala wa chipembedzo chiti.

Kwa alangizi athu ndilibe mawu okwanira. Mukanatha kupempha kuti akusamutsireni kwina kwa msewu wabwino. Munali nafe pa kolera wa 2022 ndi 2023, mukuyenda khomo ndi khomo ndi klorini. Munali nafenso m'misasa Freddy atadutsa, mukulemba mayina a ana oti alandire katemera pamene makadi awo anali atapita ndi madzi. Tsopano mwavomera kubwerera ndi banja lanu lonse. Ambuye akudalitseni, bambo.

Pali chimodzi chimene ndiyenera kunena poyera. Nyumba tamanga tokha, koma LA, zoyezera malungo ndi maneti sitingazigule ndi ndalama za banki m'khonde. Zimabwera kudzera ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo zambiri zimalipiridwa ndi mabungwe akunja monga Global Fund. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri, tinagona ndi nkhawa pozindikira kuti moyo wa ana athu wapachikidwa pa chisankho cha anthu akutali. Tikuthokoza onse amene akupitiriza kuthandiza. Koma ndikupempha aphungu ndi makhansala athu kuti pokambirana za bajeti azikumbukira bokosi laling'onoli. Boma lathu lomweli linanena kuti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma athuwa amayendera midzi ingapo okha. Tikufuna wachiwiri, ndipo tikufuna bokosi lisamakhale lopanda kanthu m'miyezi ya mvula.

Buku la ndalama zonse zimene zinalowa ndi kutuluka liwerengedwa pabwalo la a mfumu Loweruka likubwerali, ndipo ndijambula masamba ake n'kutumiza ku gulu lathu la WhatsApp kuti inu akutali muone. Chatsala ndi chimbudzi cha amayi obwera kusikelo, maenje takumba kale. Mdzukulu wanga uja ndi amene anali woyamba kukwera pa sikelo tsiku lotsegulira, ndipo alangizi anati kulemera kwake kuli bwino.