Kasitudiyo ka kuseri kwa nyumba ku Mufakose

Tinayamba ndi laputopu imodzi, maikolofoni yobwereka, ndi ng'oma ya mbalule imene malemu agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku Dedza, mzinda uno wa Harare, ku Zimbabwe, ukadali kutchedwa Salisbury. Ine ndi mlongo wanga tinasesa kachipinda ka kuseri kuti tiziphunzitsiramo achinyamata kupanga nyimbo pa kompyuta, n'kukhoma mabulangete akale m'makoma kuti mawu asamabwerere. Miyezi yoyamba magetsi ankathima phunziro lili pakati, moti ndalama za ophunzira oyamba zinathera pa sola ndi batire.

Achinyamata ambiri amabwera akudziwa kale FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta. Usiku umodzi wokha riddim (kulira kwa zing'wenyeng'wenye kumene oimba amaimbirapo) ya chamba cha Zimdancehall yatheka, koma mawu onse ndi otsitsa pa intaneti, omwewonso akulira kwa mnzawo ku Mbare. Zimenezi zimandiwawa mumtima. N'chifukwa chake sabata yoyamba nyimbo sitiikhudza n'komwe. Ndimatsegula synthesizer, chida chopangira mawu, n'kuliza sine wave ya 440 Hz, liwu losalala ngati mluzu, kenako sawtooth yokhakhala ija. Ndikamapotoza filter pang'onopang'ono, kukhakhalako kumaphimbika ngati wina akutseka chitseko cha chipinda momwe mukulira wailesi. Ikatero timalowa pa envelope, ija imalamula ngati liwu lidumphe nthawi yomweyo kapena likwere mwaulesi, komanso mmene lizimire. Apa timachedwapo, chifukwa khutu silichedwa kunama likakhala losazolowera.

Sampling, kujambula mawu enieni oti tikawagwiritse ntchito m'nyimbo, timaiphunzira panja. Timapita ku Mbare Musika kukajambula anyamata oitanira makombi (maminibasi) ndi phokoso la mawilibala, koma timayamba tapempha. Mbira timaijambula pamodzi ndi kunjenjemera kwa zitsekerero za mabotolo. Ena amafuna kukuchotsa ati ndi phokoso, ine ndimakana. Za kudambwe zokha sitijambula, akuluakulu a gule anatiuza ndipo tinamva.

Mwezi wathawu mtsikana wina wa ku Highfield anawamba mbalule ija pamoto mpaka chikopa chinakungika, anaiomba kamodzi, kompyuta n'kugwira liwulo maulendo 44,100 pa sekondi. Anadula mchira wake, anatsitsa pitch kuti liwu limveke la besi, n'kuika sine wave pansi kuti ilemere. Pamene ankayesa pa sipika, agogo aakazi anali panja akusankha nyemba. Anaika lichero pansi, nabwera kudzaima pakhomo.

"Iwe, bwerezanso pamenepo," anatero akuyang'ana ine. "Imeneyo ndi ng'oma ya agogo ako."