Lipoti la Ulendo wa ku Newmarket ndi Lakenheath

Pamsonkhano wathu wapitawu, a tcheyamani anandipempha kuti ndilembe lipoti la ulendo wa masiku awiri umene gulu lathu la a Malawi ndi a Zambia okhala m'chigawo chapakati cha England linayenda kupita ku Suffolk, kuti amene anatsala chifukwa cha mashifiti adziwe zimene tinaona ndiponso zimene tinatsutsana. Tinalipo anthu 14 m'minibasi imodzi yahayala, ndipo tinanyamuka ku Leicester m'mbandakucha wa Lachinayi, patangopita masabata ochepa chichitikireni msonkhano wa atsogoleri a NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, ku The Hague. Ulendowu unayamba ndi dandaulo la achemwali athu ena, amene akuchita maphunziro a udokotala wa ziweto, lakuti ambiri a ife timabetcha pafoni mahatchi a mipikisano, nyama zimene sitinazionepo ndi maso. Za ndege zankhondo zinalowapo pambuyo pake, madala ena m'gulumu, amene anapuma usilikali kumudzi, ataona pamapu kuti mabwalo a ndege a Mildenhall ndi Lakenheath ali pamtunda wosakwana mphindi 30 kuchokera ku Newmarket.

Tinafika pachitunda cha Warren Hill ku Newmarket dzuwa litangotuluka, mahatchi akukwera m'magulumagulu, mpweya ukutuluka m'mphuno zawo ngati utsi. M'tauni imeneyi muli mahatchi pafupifupi 3,000 ophunzitsidwa kuthamanga, ndipo tauni yonse inakonzedwa mowaganizira: ali ndi tinjira tawotawo, magalimoto amaima kuti iwo adutse, ndipo munthu woyenda pansi saloledwa kuponda pamsipu wothamangirapo mpaka 1 koloko masana. Anyamata ndi atsikana amene amawasamalira, ena mwa iwo obwera ngati ife ochokera ku India ndi Pakistan, amayamba ntchito kunja kusanache. Kunena zoona, aliyense wa ife anavomereza kuti sanaonepo chiweto chodya bwino ndi chogona paukhondo chonchi, ndipo wina ananena moseka kuti khola lake likuposa chipinda chimene iye amalipira lendi.

Achemwali aja sanaseke nawo. Anatipempha kuti tisiye kuyang'ana msana wonyezimirawo, tiyang'ane miyendo. Hatchi yotereyi imalemera pafupifupi makilogalamu 500 ndipo imathamanga liwiro la makilomita oposa 60 pa ola, koma fupa la m'munsi mwa bondo lake ndi lopyapyala moti munthu wamkulu akhoza kulizunguliza ndi manja awiri popanda vuto. Fupa limenelo likaphwanyika, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, chifukwa hatchi siingagone pansi masabata ambiri kudikira kuti lilumikizane monga momwe munthu amachitira, ndipo ikamaimira miyendo itatu ziboda zotsalazo zimatupa m'kati ndi kuiwawa koopsa. N'chifukwa chake madokotala amaibaya jakisoni woipumitsa pabwalo pomwepo, ataitchinga ndi nsalu zobiriwira kuti oonerera asaone. Malinga ndi bungwe loyendetsa masewerawa la British Horseracing Authority, pa mahatchi 1,000 alionse amene alowa mumpikisano amafa pafupifupi awiri, ndipo ambiri mwa akufawo ndi a mipikisano yodumpha mipanda. Eni masewera amatchula chiwerengerochi posonyeza kuti ngozi n'zochepa, pamene otsutsa amatchula chomwecho posonyeza kuti chaka sichitha osafa mahatchi oposa 100.

Masana tinalowa m'nyumba yosungiramo mbiri ya mipikisano ku Palace House, pamalo pamene panali nyumba ya Mfumu Charles II, amene ankakonda masewerawa m'zaka za m'ma 1600. Kuseri kwake kuli khola la bungwe lachifundo la Retraining of Racehorses, limene limaphunzitsa ntchito zina mahatchi amene asiya mipikisano. Funso la kumene mahatchi amapita akasiya kuthamanga ndi lalikulu kuposa momwe ndinkaganizira, popeza ambiri amayamba mpikisano ali ndi zaka 2 kapena 3, n'kusiya asanafike zaka 10, chonsecho hatchi imakhala ndi moyo zaka 25 kapena kuposerapo. M'chaka cha 2021 wailesi ya kanema ya BBC inaulula kuti mahatchi opuma masauzande angapo a ku Britain ndi Ireland anathera kumalo ophera nyama, ndipo kuyambira mu January 2022 lamulo likuti hatchi iliyonse yolowa mumpikisano ku Britain ilembedwe kuti siidzakhala ndiwo ya anthu. Lamulolo latseka chipata chimodzi, koma silinanene amene adzagule udzu wa zaka 15 zotsalazo, kaya ndi mwini hatchi, woweta amene anaigulitsa pamsika wa Tattersalls, kapena makampani a juga, amene amapereka kumasewerawa 10 peresenti ya phindu limene amapeza pa mipikisano ya ku Britain. Aliyense wa atatuwa amaona kuti mnzake ndiye akupereka zochepa.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri m'nyumbamo ndi kansalu ka matumba kamene amaika pansi pa chishalo, m'mene amalongamo timapale ta mtovu. M'mipikisano yambiri mumakhala woweruza amene ntchito yake ndi kuyang'ana mmene hatchi iliyonse yathamangira m'mbuyomu, n'kuigawira kulemera koti isenze, kotero kuti yamphamvu imasenza kwambiri ndipo yofooka imapepukidwa, cholinga chake n'chakuti onse akafike pamzere womaliza pafupifupi nthawi imodzi. Pampikisano wotchuka wa Grand National ku Aintree, hatchi yosenza kwambiri imanyamula makilogalamu pafupifupi 75 kuphatikizapo wokwerayo, pamene yosenza pang'ono imanyamula pafupifupi 65. Wokwera amayezedwa pasikelo asanapite ndiponso akabwerako. Ndinadabwa ndi chilungamo chosamalitsa chotere, chowerengera mpaka theka la kilogalamu, m'masewera amene nyama yosenza katunduyo siifunsidwa n'komwe ngati ikufuna kuthamanga.

Pachakudya chamadzulo nkhani ya Grand National inatigawa pawiri. Mpikisanowu ndi wa makilomita pafupifupi 7 ndipo mahatchi amadumpha mipanda ka 30. Mu 2023 a gulu lomenyera ufulu wa nyama la Animal Rising analowerera pabwalo n'kuchedwetsa mpikisano, apolisi anamanga anthu oposa 100, ndipo hatchi yotchedwa Hill Sixteen inafa itagwa pampanda woyamba. Chaka chotsatira okonza anachepetsa mahatchi kuchoka pa 40 kufika pa 34, ndipo mpanda woyamba anausendeza kufupi ndi poyambira kuti mahatchi asaufikire ali paliwiro lalikulu. Chikwapu nachonso anachiikira malire mu 2023: ka 6 pampikisano wopanda mipanda ndi ka 7 wodumpha mipanda, ndipo wopyola malirewo ndi zikwapu 4 amalandidwa chipambano. Ena mwa ife anati kusintha kumeneku n'kokwanira, ndipo achemwali a zaziweto anayankha kuti n'kwabwino ndithu, kungoti kulikonse kunabwera pambuyo pa imfa imene anthu anaionera pa kanema.

Lachisanu m'mawa tinapita pamalo oonerapo ndege amene ali kunja kwa mpanda wa Lakenheath. Dzina la bwaloli ndi la asilikali am'mlengalenga a Britain, koma ndege zake, za mtundu wa F-15 ndi F-35, ndi za America, ndipo ku Mildenhall kumakhala ndege zikuluzikulu zothira mafuta ndege zinzake zili m'mwamba. Phokoso lake linatigwedeza m'chifuwa. Madala aja anatiuza kuti ngakhale bwalo la mpikisano la Rowley Mile, limene tinadutsa dzulo lake, linali potera ndege zoponya mabomba pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo kenaka anafunsa a msungichuma athu, amene ntchito yawo ndi yowerengera ndalama, kuti amene amalipira phokoso limeneli ndani.

A msungichuma anali atakonzeka. Anafotokoza kuti NATO inayamba mu 1949 ndi mayiko 12 ndipo tsopano ilipo 32, Finland italowa mu 2023 ndi Sweden mu 2024, komanso kuti dandaulo la America lakuti anzake a ku Ulaya akudyera pamsana pake silinayambe ndi Donald Trump, popeza atsogoleri a dzikolo akhala akulibwereza kuyambira nthawi ya Dwight Eisenhower. Pamsonkhano wa ku Wales mu 2014, Russia italanda Crimea, mayikowa analonjeza kuti pakutha pa zaka 10 lililonse lizidzagwiritsa ntchito 2 peresenti ya chuma chake pachitetezo, ndipo panthawiyo okwanitsa anali atatu okha: America, Britain ndi Greece. Pofika 2024 anali atapyola 20. Ku The Hague mu June 2025 muyezo unakwera kufika pa 5 peresenti pofika 2035, ndiye kuti 3.5 ya asilikali ndi zida, ndi 1.5 ya zinthu monga misewu, madoko ndi chitetezo cha makompyuta, koma nduna yaikulu ya Spain, Pedro Sánchez, inakana n'kunena kuti dziko lake likwanitsa udindo wake ndi 2.1 peresenti. Anatiunikiranso chinthu chimene ambiri timasokoneza, chakuti peresenti imeneyi si chopereka cholowa m'thumba la bungwe ngati chamwezi chathu, koma ndi ndalama zimene dziko limaonongera asilikali ake omwe. Thumba la bungwe lilipo padera, ndi laling'ono, ndipo mmenemo mu 2025 America ndi Germany ankapereka mofanana, pafupifupi 16 peresenti aliyense. Pomaliza anati dongosololi likufanana ndi kansalu ka mtovu kaja, chifukwa wolemera amasenza zambiri ndipo wosauka zochepa, aliyense monga mwa mphamvu zake.

Madala anapukusa mutu. "Mwana wanga, masamu anuwo ndawamva," anatero, "koma sikelo yanuyo siiyeza maliro." Anakumbutsa kuti ndime 5 ya pangano la NATO, yonena kuti kuputa mmodzi n'kuputa onse, inagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, pambuyo pa chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September 2001, ndipo wothandizidwayo anali America yemweyo. Ku Afghanistan, Britain inataya asilikali 457 ndipo Canada inataya 158, chonsecho Canada ndi limodzi mwa mayiko amene akhala akudzudzulidwa kuti sakwanitsa 2 peresenti. A msungichuma anayankha mwaulemu kuti magazi a dzulo sagula zipolopolo za mawa, ndiponso kuti Poland, imene ikuononga zoposa 4 peresenti chifukwa ili pakhomo pa ngozi, ili ndi chifukwa chodandaulira Spain imene ili kutali. Pamenepa ndinaona kuti onse awiri akunena zoona, kungoti wina akuwerenga zolowa m'thumba ndipo wina akuwerenga zotuluka m'nyumba za anthu.

Ine maganizo anga anapendekera kwa madala, makamaka atatchula za kwathu. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse, mahatchi ndi abulu ambiri amene anatumizidwa kum'mawa kwa Africa anafa ndi matenda a kashembe, ndipo katundu amene nyamazo zikanasenza anagwera pamitu ya anthu. Ku Nyasaland anthu pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda, mayina awo osalembedwa pachipilala chilichonse chofanana ndi cha asilikali chimene chili ku Zomba. John Chilembwe anali atalemba kale kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, yodandaula kuti osauka akutumizidwa kukafera nkhondo imene si yawo. Ndipo posachedwapa, pamene SADC inatumiza asilikali kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo mu December 2023, mwa mayiko 16 a bungweli amene anatumiza ana awo anali atatu, South Africa, Tanzania ndi Malawi, ndipo Malawi inalandira mitembo nkhondo itakula ku Goma mu January 2025, ntchitoyo isanathetsedwe mu March. Madala atafika pamenepa anakhala chete, ndipo palibe amene anawafunsa zambiri.

Madzulo tinabwerera ku Newmarket kukaonerera mipikisano pabwalo la July Course. Palibe hatchi imene inavulala, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti pamene gulu la mahatchi linkadutsa pafupi ndi ife, nthaka ikunjenjemera, ndinakuwa nawo ngati wina aliyense. Komabe nditamva zonse zija maso anga ankangothawira kumagalimoto a madokotala amene amatsatira mahatchi m'mbuyo pampikisano uliwonse. Achemwali a zaziweto anatitengera pamalo pamene mahatchi amawathira madzi akamaliza, ndipo anationetsa mmene nthiti zimakwerera ndi kutsika kwa mphindi zingapo pamene eni ake ali kwina kujambulitsa ndi chikho. Anthu atatu m'gulu lathu anabetcha, ndipo mmodzi anapata mapaundi ochepa amene anatigulira nawo tiyi panjira.

Pa za ndalama za ulendo, a msungichuma apempha kuti ndilembe izi. Tinagwirizana poyamba kuti aliyense asonkhe mofanana, koma pobwerera ophunzira anadandaula kuti iwo amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pasabata, kotero ogwira ntchito yokhazikika azisonkha zochulukirapo. Achimwene amene anayendetsa minibasi masiku onse awiri, ndipo anataya mashifiti awiri, afunsa ngati kutopa kwawo kukuwerengedwa, popeza nawonso anasonkha ngati aliyense. Madala anapempha kuti achimwenewo abwezeredwe chopereka chawo chonse, a msungichuma anati malamulo athu sanena chilichonse pa zimenezo, ndipo a tcheyamani aika nkhaniyi poyambirira pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa mwezi wamawa. Malisiti a mafuta ndi a malo ogona ali kwa a msungichuma kwa aliyense wofuna kuwaona tsikulo lisanafike.