Ulendo wathu wa ku Pemba: mphindi 30 m'mwamba

Anzanga a kalabu amene munatsala, ndikufotokozereni za ulendo uja, makamaka gawo la kuchoka ku Zanzibar kupita ku Pemba poti ndi lomwe tinakokana nalo kwambiri pamsonkhano.

Tinalipo anthu 10. Ku Dar es Salaam tinakwera boti, maola awiri tafika ku Stone Town pachilumba chachikulu cha Zanzibar chimene eni ake amati Unguja. Pemba ndi chilumba china, chili chakumpoto, ndipo kumeneko ndiye kunali alimi a karafuu, ma clove aja timathira mu tiyi, omwe timafuna kukaphunzirako kayanikidwe ndi kasungidwe ka zokometsera.

Amayi asungichuma amafuna sitima kuti ndalama zitsaleko, ndipo sindikuwanena ayi chifukwa thumba linali lopanikizika ndithu. Koma sitimayo panthawiyo sinkapita daily, imadya maola angapo panyanja nkukakusiyani ku Mkoani kummwera kwa Pemba, ukatero uyambenso kusaka galimoto. Abambo wapampando anakumbutsanso za sitima ya Spice Islander yomwe inamira pakati pa zilumba ziwirizi mu 2011 nkupha anthu ambirimbiri, pamenepo onse anangoti zii.

Ndege ndiye nkhani ina. Kuchoka pa eyapoti ya Abeid Amani Karume ku Unguja kukatera pa eyapoti ya Pemba pafupi ndi tauni ya Chake Chake ndi makilomita 120 ndi kakuti, ngati Lilongwe kukafika ku Kasungu, ndipo m'mwamba tinangokhalamo mphindi 30 basi. Kandege kake ndi Cessna Caravan, injini imodzi, mipando yongokwana gulu lathu ndi anthu ena awiri, payiloti ukumuona msana apa ngati dalaivala wa minibasi. Agogo ena a m'gulu lathu anagwira mpando mpaka tinatera koma pano ndi amene akuyamikira kuposa tonse.

Musapusitsike ndi mphindi 30 zokhazo. Pa loji tinanyamuka 7 koloko, panali kuyeza zikwama poti kandege kakang'ono sikafuna katundu wambiri moti masutikesi awiri tinawasiya ku loji, kenako kudikira, ndiye mtauni ya Chake Chake tinalowa cha m'ma 10. Komabe tsikulo silinapite pachabe, masana omwewo tinali kale kumunda.

Pemba ndi yamapiri, yobiriwira kuposa Unguja, ukuyang'ana pawindo umangoona mitengo ndi madzi amtundu wina m'mbali mwake. Karafuu amathyola maluwa asanatseguke, anyamata amakwera m'mitengo italiitali, amayi nkumapulula timapesi madzulo, kenako amayanika pamikeka m'mbali mwa msewu masiku angapo mpaka asanduke bulauni. Fungo lake limakulandira usanatsike galimoto. Chomwe chinandigwira mtima ine ndi ukhondo wawo poyanika, sayika pansi pafumbi olo pang'ono, chifukwa pogulitsa ku ZSTC, kampani ya boma imene imagula karafuu, amasankha magiredi ndipo wonyowa kapena wa zinyalala amatsika mtengo. Ife jinja wathu timangomwaza pathanthwe mbuzi zikudutsa, nkumadandaula kuti ogula akutibera.

Ndiye pamsonkhano wa Loweruka ndikubweretsa nkhani ya mikeka ndi matandala oyanikira, aliyense abwere ataganiza kale ndalama imene angasonkhe.