Ndinasintha tsiku la police clearance, koma kompyuta yawo sinamve

Kalata ya police clearance ndaitenga dzulo masana. Pepala limodzi lokha, chidindo pakona, ndi timizere tiwiri tonena kuti dzina langa silikupezeka m'kaundula wa anthu amene khoti linawapezapo olakwa. Kapepala kameneka kandidyera masabata 6, ndakalipirira kawiri, komanso kanditayitsa tsiku lathunthu la ntchito. Ndati ndilembe mtima usanazizire, chifukwa ndikadikira ndiyamba kuwakhululukira.

Zotsegula akaunti, kulemba tsiku lobadwa ndi kulipira sindikambapo, aliyense amene anagulapo kanthu pa foni azitha yekha. Nkhani yanga ndi ya kusintha tsiku lokadinda zala utalipira kale.

Ine ndinali nditasankha Lachiwiri m'mawa. Loweruka lake mwana anayamba kutentha thupi, pofika Lamulungu madzulo anamugoneka m'chipatala. Ndinadziwiratu kuti Lachiwiri sindisuntha. Ndiye usiku womwewo, nditakhala pabenchi panja pa wodi, batire ili pafupi kutha, ndinatsegula tsamba lawo la pa intaneti kuti ndisinthe tsiku.

Mukalowa mupeza mabatani awiri oyandikana ngati mapasa, lina lolembedwa Cancel, lina Reschedule. La Cancel musalikhudze ngakhale ndi chikhadabo. Ndalama zimene munalipira zimamangiriridwa ku nambala ya lisiti yanu, ndipo mukakaniza tsikulo nambalayo imafera limodzi nalo, n'kuyamba kuthamangitsa ndalama zanu ngati wangongole. La Reschedule limanyamula nambala yomweyo n'kuipititsa pa tsiku latsopano. Zimenezi ndinkazidziwa, moti ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Panatuluka kalendala, masiku odzaza ali otuwa, opanda anthu ali obiriwira. Ndinadina Lachinayi la sabata yotsatira, 10:30. Kabokosi kanasintha mtundu, pamwamba panabwera mawu akuti nthawiyo yasankhidwa. Mtima unangoti myaa. Ndinatseka foni, ndinaiponya m'chikwama, n'kubwerera kwa mwana.

Kumeneko ndiye kunali kugwa kwanga. Pansi penipeni pa tsambalo, pamene pa foni sipaoneka mpaka utakankha sikirini m'mwamba kawiri, panali kabokosi koti uchonge ndi batani lina lakuti Confirm. Kudina tsiku pa kalendala kuli ngati kuika chikwama pampando. Kompyuta imakusungirani malowo mphindi zochepa kuti anthu awiri asalimbirane nthawi imodzi, koma mukapanda kutsimikiza imachotsa chikwama chanu mwakachetechete n'kupereka mpandowo kwa wina. Siikuuzani. Tsiku lanu lakale limakhala lili pomwepo, likukudikirani.

Choncho Lachiwiri linadutsa ine ndili kuchipatala, kompyuta n'kulemba kuti sindinabwere.

Lachinayi lija ndinadzuka kusanache, ndinapempha tchuthi kuntchito, mapepala onse ali m'envulopu. Pakhomo panali mlonda wachinyamata ndi kamakina kowerengera QR code. Anakaloza papepala langa, kanalira mosiyana ndi mmene kanalirira kwa ena.

"Amayi, tsiku lanu linadutsa kale."

"Ndinasintha, achimwene. Ndinasankha lero."

"Nanga pepala latsopano lili kuti?"

Ndinangoti kakasi. Pepala latsopano liti? Ine ndinkaganiza kuti poti nambala ndi yomweyo, pepalanso ndi lomwelo. Ananditumiza pazenera la mafunso, kumene kunali mzere wakewake wa anthu onga ine, aliyense atagwira foni m'manja ngati umboni. Ndinaima pamenepo kuyambira 9 koloko. Patatsala anthu atatu kutsogolo kwanga, zenera linatsekedwa, akuti nkhomaliro. Sindinachoke, kuopa kulandidwa malo. Litatsegulidwa, mayi wa kuseri kwa galasi analemba nambala yanga, n'kutembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha. Mizere itatu: analembetsa, analipira, sanabwere. Za kusintha tsiku panalibe ngakhale kadontho.

Ndinafotokoza za mwana, za benchi, za kabokosi kobiriwira. Anamvetsera ndithu, sanandichite chipongwe, zimenezo ndisawanamizire. Kenako anafunsa ngati ndili ndi imelo kapena chithunzi cha sikirini chosonyeza tsiku latsopano. Ndinalibe. "Pepani mayi, ife timaona zimene zili umu basi."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kuchokera pomwe ndinaima ndinkaona m'chipinda chodindira zala. Mipando inali yopanda anthu. Bambo wa pamakinapo anali atapinda manja, akuyang'ana kudenga. Ntchito ya mphindi zisanu, munthu ndili pomwepo, chiphaso chili m'manja, ndalama analandira kale, zala zonse khumi ndabwera nazo. Koma ayi, kompyuta sitsegula fayilo ya munthu amene alibe tsiku la lero, ndipo amene ali ndi mphamvu yoitsegula anali kumsonkhano. Anthu amenewa amakhala kumsonkhano nthawi zonse. Ndinadikira mpaka cha m'ma 3 koloko, kenako anandiuza zoti anayenera kundiuza m'mawa: amene sanabwere osadziwitsa, ndalama zake zapita, alembetsenso ndi kulipiranso. Lamulolo lilipodi, lili m'timalemba tating'onoting'ono timene tonse timachonga kuti tawerenga.

Ndiye mverani bwino, abale anga. Simunasinthe tsiku mpaka mutalandira pepala latsopano lokhala ndi tsiku latsopanolo. Mukamaliza, tulukani mu akaunti, mulowenso, muone tsiku limene lalembedwa pamenepo. Likakhala lakale, simunachite kanthu. Mujambule sikirini, nthawi ya pafoni ikuoneka pamwamba. Mufufuze imelo, ndi mu spam momwe, chifukwa makalata otumizidwa ndi makina amakonda kugwera kumeneko. Pepalalo mulipulinte. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndaiwala kunena, muziyang'aniratu malire a kusinthako. Pa tsamba limene ndinagwiritsa ntchito ine, amalola kusintha kamodzi kokha, ndipo batani la Reschedule limazimiririka tsiku lanu likatsala pafupi. Ndikanadikira kuti kuche Lolemba mwina sindikanalipezanso. Zimenezi zimasiyana dziko ndi dziko, ofesi ndi ofesi, choncho muwerenge pamene mukulembetsa koyamba, mavuto asanabwere. Komanso nambala ya foni imene munalembetsera ikhale yoti muli nayo m'manja, chifukwa kuti mulowe amatumiza nambala yachinsinsi imene imatha mphamvu pakapita mphindi zochepa. Pamzere paja panali bambo wina amene analembetsera pa nambala ya mnzake, mnzakeyo ali paulendo, foni yosapezeka.

Ulendo wachiwiri sindinadzidalire. Ndinaitana mwana wa achimwene anga, ndinamukhazika pa laputopu ine ndili pambali. Pa sikirini yaikulu tsamba lonse limaoneka kamodzi, batani la Confirm lija lili poonekeratu ngati likundiseka. Ngati mungathe, zinthu izi musachitire pa foni. Masiku apafupi onse anali otuwa, tsiku loyamba lopanda anthu linali kutali pafupifupi mwezi wathunthu. Tinalitenga lomwelo kuti tikhale ndi pogwira. Kenako mnyamatayo ankalowa m'mawa uliwonse ndi usiku kukasuzumira, chifukwa ena akasintha masiku awo malo amene asiya amabwereranso pa kalendala, ndipo sachedwa kutengedwa. Tsiku lachinayi anandiimbira: "Azakhali, papezeka malo sabata yamawa, ndidine?" Apa m'pamene tinagwiritsa ntchito mwayi umodzi uja wosintha. Anadina, anachonga, anatsimikiza, tinatuluka, tinalowanso, imelo inabwera, tinapulinta.

Ndi iyeyonso amene anandipulumutsa pa msampha wina. Papepalapo tsiku linalembedwa m'manambala okhaokha, ndipo ine ndinaliwerenga mmene ndinazolowera, tsiku poyamba, mwezi pambuyo. Masamba ena amatsatira kalembedwe ka ku America, mwezi poyamba. Mukaona 04/05 musafulumire, akhoza kukhala 4 May kapena April 5. Yerekezani ndi dzina la tsiku la sabata, kapena bwererani pa kalendala mukaone mwezi umene munadina.

Chinanso, posintha tsiku muziganizira za amene akufuna kalatayo, chifukwa imakalamba. Pakokha imangonena mmene zinthu zinalili pa tsiku limene inatuluka, ndiye wolandira aliyense ali ndi malire ake. A zolowa m'dziko la Canada amafuna kuti kalata ya dziko limene mukukhala ikhale yosapitirira miyezi 6 pa tsiku lopereka fomu, ndipo amafunanso kalata ya dziko lililonse kumene munakhalako miyezi 6 motsatizana kapena kupitirira m'zaka 10 zapitazi, kuyambira pamene munakwanitsa zaka 18. Ku Australia amaiwerenga kuti ndi yamoyo kwa miyezi 12, ndipo amaifuna kuchokera kulikonse kumene munakhalako miyezi 12 mukaiphatikiza m'zaka 10 zapitazi, kuyambira pa zaka 16. Mukaitenga msanga kwambiri ifera m'kabati, mukakankhira tsiku kutali muphonya tsiku lomaliza la amene akukudikirani. Ine abwana amene ankandilemba ntchito anandiwonjezera masabata awiri nditawachonderera, ndipo ndinawatumizira pepala latsopano lija ngati umboni kuti sindikugona.

Musaganizenso kuti tsiku lodinda zala ndi tsiku lotenga kalata. Dzina lanu likafanana ndi la munthu wina amene ali m'kaundula, amayamba aimitsa kaye kuti atsimikize kuti si inu, ndipo pamenepo pamapita masiku ena. N'chifukwa chake amadalira zala, poti mayina amafanana koma timizere ta pazala timapangika mwana ali m'mimba ndipo sitifanana ngakhale pa mapasa. Dzina mulilembe ndendende mmene lilili pa chiphaso, chilembo ndi chilembo. Amene munasintha dzina pa ukwati, mutenge ndi mtchatho womwe.

Za zalazi ndili nazo zanga. Makina ake ndi kagalasi kowala, mumaika zala zinayi za kumanja, zinayi za kumanzere, kenako zala zazikulu ziwiri pamodzi, n'kumaliza ndi kugubuduza chala chilichonse pachokha. Zanga zinakana kawiri. Masabata onse aja ndinkachapa zovala ndi zofunda za mwana m'madzi a mankhwala oyeretsera, khungu linauma n'kusalala, timizere tosaoneka bwino. Bambo uja, yemwe uja wopinda manja, anati zimachitika kawirikawiri kwa omanga nyumba, ochapa ndi okalamba. Anandiuza kuti nditikite zala pachipumi kuti zitengeko kamafuta, ndinaikanso, makina analandira. Mukadziwa kuti manja anu amagwira ntchito yolimba, muzidzola mafuta kwa masiku angapo tsiku lanu lisanafike, koma osati m'mawa womwewo mpaka kumata galasi la eni ake. Chala chikakhala ndi bala latsopano, chimenecho n'chifukwa chomveka chosinthira tsiku.

Ndinayang'ana wotchi. Kuyambira kukhala pampando mpaka kudzuka, mphindi 6.

Koma pepala latsopano lija, chonde. Ndikubwerezanso chifukwa tsiku limenelo ndinapeza mtsikana wina pakhomo akukangana ndi mlonda, mawu ake enieni aja ndinanena ine, akuti ndinasintha, ndinaona kabokosi kobiriwira. Ndinamuyandikira n'kumufunsa ngati imelo inabwera. Anandiyang'ana, anayang'ana foni yake, sanayankhe. Mlonda uja anandizindikira, anaseka n'kunena kuti, "Amayi, lero mwabwera ndi lenileni?" Ndinamupatsa awiri.

Ulendo sunathebe. Poti kalatayi ikupita kunja, akufuna ikhale ndi chidindo cha apostille, chija mayiko anagwirizana ku The Hague mu 1961 kuti chikalata cha boma la dziko lina chizilandiridwa kwina popanda kuzungulira maofesi a akazembe. Chimenecho chimadindidwa ku ofesi ina, ndipo nakonso amafuna ulembetse tsiku pa intaneti. Ndasankha Lachitatu likudzali. Ndalowa mu akaunti katatu kuyambira m'mawa, tsikulo likadali pomwepo.