Chimbalangondo chinandigwira dzanja

Anthu amene amakonza mapulani a nyama zapepala ndi akathyali. Amajambula nyama pakompyuta, n'kuiphwasula ndi pulogalamu monga Pepakura Designer ya ku Japan, mpaka nyama yonse itasanduka tizidutswa tamakonamakona tomwazika pamapepala a A4. Kachidutswa kalikonse kali ndi timakutu m'mbali, ndipo kakhutu kalikonse kali ndi nambala. Iwe ntchito yako ndi kudula, kupinda, n'kumata 23 pa 23, 24 pa 24, basi. Pamwamba amalembapo kuti ngakhale ana akhoza kupanga, koma sanena kuti ana a ndani.

Mwana wanga wamkazi anauzidwa kusukulu kuti apititse nyama ya kumalo ozizira. Anasankha chimbalangondo choyera cha ku Arctic, ndipo pomwe ankadzandiuza n'kuti akuchidziwa kuposa abale ake enieni.

"Adadi, mukudziwa kuti khungu lake ndi lakuda?"

"Choyera mbee chija?"

"Ubweyawo ulibe mtundu. Ndi wamphako m'kati, umangooneka woyera chifukwa cha kuwala. Pansi pake khungu ndi lakuda bii."

Ndinangoti chabwino mayi, bweretsani sizasi.

Kunena zoona, ntchitoyi ndi yokoma. Pepala wamba la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) silingathe, limafooka miyendo, choncho tinasindikiza pa lolimbirapo la 180 gsm. Usanapinde umayamba wadutsitsa bolopeni yotha inki pamzere, motsamiritsa pa rula, kuti pepala lipindike mwaulemu osathyoka. Mizere ilipo mitundu iwiri, wina wopindira kunja, wina wopindira m'kati, ndipo ukaisokoneza mphuno imalowa m'mutu. Ife sitinasokoneze. Tinayambira kumphuno kubwerera m'mbuyo, manambala onse kuloza m'kati kuti asaoneke, ndipo mutu utatha ndinauika patebulo n'kubwerera pang'ono kuti ndiusirire. Timakutu take tating'ono, chipumi chotsetsereka, nkhope ya nyama yosafuna zocheza. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinaphonya ntchito yanga yeniyeni.

Vuto linali guluu woyera uja wa PVA. Guluu ameneyu ndi wamadzi, ndiye ukapaka wambiri pepala limachita makwinya, ukapaka wochepa khutu limamatuka ukangoyang'ana kumbali. Umayenera kupaka pang'ono ndi kamtengo, kupana ndi zala, n'kudikira. Khutu lina, kupana, kudikira. Chimbalangondo chili ndi miyendo inayi yokhala ndi mapazi ofutukuka, ndipo mwana anaonetsetsa kuti ndadziwa kuti phazi la chenicheni limafika masentimita 30 m'lifupi, kuti chisamamire m'chipale chofewa. Pomaliza mwendo wachinayi, zala zanga zinali zitachita dzanzi ndipo dzuwa linali litapendeka.

Panatsala kulumikiza khosi ndi mapewa, kenako kutseka kumatako. Khosi la nyama imeneyi ndi lalitali ndiponso lopapatiza, ndipo timakutu take timapanidwa kuchokera m'kati. Ndiye kuti dzanja lilowere pabowo la kumbuyo, lidutse m'mimba, zala zikafike pakhosi. M'dirowa munali kachubu ka supa guluu. Ndawerenganso mapulani aja kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo palibe pomwe analemba kuti supa guluu ayi.

Ndinalowetsa dzanja lamanja mpaka kupitirira pamfundo, lamanzere n'kudontheza timadontho pamzere wa khosi. Supa guluu ndi wopyapyala, amayenda. Anatsata mpindo wa pepala, kulowa m'kati, n'kukapeza chala chachikulu ndi chamkombaphala zitapana khutu nambala 61 mokhulupirika. Ndinamva kutentha pang'ono. Ndinawerenga mpaka teni monga mwa nthawi zonse, n'kukoka dzanja. Chimbalangondo chinabwera nalo.

Guluu ameneyu amauma akakumana ndi chinyezi, ndipo khungu la munthu lili ndi chinyezi nthawi zonse, n'chifukwa chake amagwira zala msanga kuposa chinthu chimene ukufuna kumata. Harry Coover, katswiri amene anakumana naye koyamba mu 1942, anamuika pambali chifukwa ankamata chilichonse chimene wakhudza. Ameneyo anali munthu wanzeru. Kampani imene inadzayamba kumugulitsa mu 1958 ndi imene ndili nayo chifukwa.

"Adadi, tulutsani dzanja titseke."

"Ndikuchipatsa mpata chiume."

Anandiyang'ana, anayang'ana chimbalangondo, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi. Nthawi yomweyo kukhomo kunamveka odi. Anali aneba, kudzabwereka makwerero. Ndinabisa dzanja kumbuyo, koma chinyama chotalika pafupifupi theka la mita sichibisika kumsana kwa munthu. Iwo anatambasula dzanja kuti tipatsane moni, ine ndinatulutsa chimene ndinali nacho. Anaima kaye. Kenako, poti ndi munthu waulemu, anagwira mwendo wakutsogolo wa chimbalangondo n'kuugwedeza pang'ono.

"Muli bwanji aneba? Galuyu ndiye wokongola."

Apa mwana analeka kuseka. Anawauza kuti si galu, kuti champhongo chimatha kupitirira makilogalamu 600, kuti chimadya akatumbu a m'nyanja amene chimawadikirira pabowo la madzi oundana, ndiponso kuti ku Churchill m'dziko la Canada kuli ndende ya zimbalangondo zimene zimavutitsa m'tauni. Aneba anamvetsera zonse akugwedeza mutu, n'kunena kuti kwathu kuno zaoneka kuti chimbalangondo ndicho chamanga munthu. Za makwerero anaiwala. Anakoka mpando.

Ine maganizo anga anali achidule: sizasi, ting'ambe khosi, dzanja lituluke, tidzamatenso. Mwana anaimirira pakati pa ine ndi sizasi misozi ili lengelenge. Anati nyama imeneyi ndi yotetezedwa, mayiko asanu anasainirana pangano ku Oslo mu 1973, ndipo anawatchula ndi zala: Canada, Denmark, Norway, Soviet Union ndi America. Ndinamuuza kuti ine sindinasaine nawo. Sizinathandize.

Aneba ndi amene anabweretsa nzeru ya madzi ofunda a sopo. Anati amamasula supa guluu pakhungu, zomwe ndi zoona ngati uli ndi nthawi yoviika. Anati sitimiza chonse, tingothira pang'ono ndi supuni pabowo la kumbuyo, ine nditazondotsa chinyamacho mutu pansi, madziwo akafika okha pazala. Mwana anakayikira, koma anadzilimbitsa mtima ndi nkhani ya chimbalangondo chachikazi china chimene ofufuza anachitsata mu 2008 chikusambira makilomita 687 m'masiku 9 osapuma, m'nyanja ya Beaufort ku Arctic komweko. Anati nyama yotere singaope supuni.

Ndiye onani chithunzi chake: bambo wamkulu nditawerama pa sinki, dzanja lili m'mimba mwa chimbalangondo chozondoka, aneba akuthira madzi kumatako kwake mosamala ngati akumwetsa wodwala phala. Madzi anadutsa pazala zanga osaima n'komwe, n'kukadzaza mutu. Inki ya manambala inasungunuka, nkhope yoyera ija inayamba kutuluka mawanga akuda kuchokera m'kati. Ndinayesa kunena kuti khungu lakuda lija layamba kuoneka, koma palibe anaseka.

Chimene tonse atatu sitinachiganizire n'chakuti guluu woyera amafewa m'madzi msanga kuposa supa guluu. Mphuno inayamba ndiyo, phwa, m'sinki. Kenako nsagwada, kenako mutu wonse. Madzi otsikira m'mbali anamasula mapewa, miyendo yakutsogolo inagwa umodziumodzi, mimba inatseguka. Ntchito ya tsiku lonse inathera pa sefa ya sinki. Chokhacho chimene chinatsala chili nganganga chinali khosi, litazungulira zala zanga ziwiri, pomwe panali supa guluu paja.

Mayi a kunyumba analowa nthawi imeneyo. Anaona mwana akulira, aneba atagwira supuni, ine nditavala khosi la chimbalangondo. Sanafunse kanthu. Anapita kuchipinda, n'kubwera ndi kabotolo ka mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, aja okhala ndi acetone, ndi kathonje ka kukhutu. Anapaka m'mbali mwa zala, kudikira pang'ono, kupotokola, zala n'kulekana.

"Mukanandiimbira foni, bambo ake, tikanalowetsa kathonjeka pabowo lomwelo. Chinyamacho chikanakhala chilipo."

Aneba anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya madzi pamoto.

Usiku womwewo tinasindikizanso mapepala. Mayi ndi mwana anakhala patebulo, wina kudula, wina kumata, ndipo pofika pakhosi anapana timakutu ndi kumbuyo kwa supuni yaitali, dzanja lili panja. Supa guluu anasamukira m'chikwama cha mayi. Ine anandipatsa udindo wogwira tochi, ndipo ndinadzudzulidwa kawirikawiri kuti ndikuunika molakwika.