Ndabwereranso m'kalasi ndili mayi wa ana

Ndili mwana ndinkafuna kudzakhala namwino. Chinkandikopa chinali diresi loyera lija, kawotchi kolendewera pachifuwa, ndi mmene anthu ankapatukira namwino akamadutsa m'khonde la chipatala cha kwathu. Ndine mmodzi mwa ana amene tinakhamukira ku sukulu mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, tinkakhala pansi pa mtengo mphunzitsi atayedzeka bolodi pa tsinde. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha chimodzimodzi, mpaka agogo anayamba kunditchula kuti anamwino.

Mayeso a MSCE ndinalemba ndithu, koma Masamu ndi Biology ndinangopeza pasi. Amene mumadziwa kachongedwe ka MANEB mukudziwa kuti 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Makoleji a unamwino, kaya a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission, kaya Malawi College of Health Sciences, amafuna makirediti pa Chingerezi, Masamu ndi maphunziro a sayansi. Pasi sakulowetsa. Kenako kunabwera banja, ana, ndi makina osokera amene akutidyetsa mpaka lero.

Chaka chatha ndinalembetsa ku sukulu ya masana, ija ambiri amati naiti. Timalowa ana a m'mawa akaweruka, m'makalasi omwewo, aphunzitsinso ndi omwewo. Anzanga a m'kalasi amanditchula kuti anti, ndipo ena mwa iwo ndinawasokerapo yunifolomu ali ku pulayimale. Manyazi analipo sabata zoyamba, koma anatha msanga, chifukwa kalasi ya masana aliyense ali ndi chake chimene chinamubweza.

Phunziro limene landigwira mtima ndi la kayendedwe ka magazi. Kale ndinkangoloweza kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zolandira magazi, ziwiri zopopa, mayeso akatha n'kuiwala. Pano ndikamawerenga ndimaona mayi anga. Iwo ali ndi BP, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuwaperekeza ku chipatala, namwino n'kulemba manambala awiri m'kabuku kawo ka chipatala, ine osadziwa kuti akutanthauza chiyani. Tsopano ndikudziwa kuti nambala ya pamwamba ndi mphamvu ya magazi m'mitsempha pamene mtima wafinya, ya pansi ndi pamene wapumira. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120/80, ndipo ikamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, ndiye kuti yakwera. Ndinatsegula kabuku kawo kaja usiku wina, masamba ake atafewa ndi thukuta la m'chikwama, ndipo ndinapeza kuti miyezi imene manambala anakwera kwambiri ndi yomwe ija ankadumphitsa mankhwala.

Mayi ankamwa mapiritsi pokhapokha mutu ukawawa. Ndinakhala nawo pamkeka ndi kuwauza kuti, "Amayi, matenda amenewa nthawi zambiri samveka kupweteka. Amawononga mwakachetechete impso, maso ndi mitsempha ya m'mutu, mapeto ake ndi sitiroko." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe udokotala wayamba liti?" Komabe kuyambira tsikulo amamwa m'mawa uliwonse, ndipo mchere wowaza pa ndiwo zophikaphika tinauchotsa pakhomo. Anadandaula mwezi wathunthu kuti ndiwo sizikukoma.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amandilimbikitsa kuti ndipirire, ndidzasangalala ndikadzavala diresi loyera. Amanena ndi mtima wabwino, koma amayankhula ngati zaka zimene ndikuphunzirazi ndi zongodutsamo. Ine ndikuona kuti chimene mwana uja ankafuna, ngakhale sankatha kuchitchula, chinali kukhala munthu amene wodwala akamufikira sasowa chochita. Zimenezo ndayamba kale kuzilawa pakhomo panga, satifiketi ndilibe. Ku koleji ndikufuna kukafikako ndi mtima wonse, ndipo ndikudziwa kuti malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, fizi nayonso si yamasewera. Koma sindilola kuti malotowa adye fizi ya ana anga, kapena kuti ndizigona maola atatu ndi kumadzuka ndili wokwiya kwa aliyense. Lamlungu sinditsegula buku. Ndikachoka ku tchalitchi ndimaphika mosathamanga, timadya tonse, ana n'kumandiuza za sabata yawo.

Masamu okha ndiwo akundivutabe. Ma quadratic equation amandizungulitsa mutu, ndipo amene akundithandiza ndi mwana wanga wamkulu, yemwe ali folomu 3. Madzulo ndikatseka makina timakhala pa tebulo lodulira nsalu, iye n'kumandichonga ndi cholembera chofiira. Sandinyengerera ngakhale pang'ono. Sabata ino wandipatsa mapepala akale a MANEB, wati ndimalize funso lililonse la ma graph lisanafike Loweruka.